Ndamaliza kontrakiti ya iPhone 15 ya miyezi 24, ndawerengera ndalama zonse zomwe zatuluka

Mwezi wathawu ndalipira ndalama yomaliza ya kontrakiti ya foni yomwe ndinatenga mu Okutobala 2023, ndiye ndati ndilembe mmene zayendera zaka ziwirizi chifukwa pafupifupi aliyense wobwera kumene kuno ku UK amandifunsa zomwezo, kuti achimwene nditenge foni ya kontrakiti kapena ndisunge ndalama ndigule cash? Makamaka anzathu obwera ndi visa ya care, munthu wangolandira malipiro achiwiri kenako wadutsa pa shopu waona chikwangwani chachikulu cholemba kuti iPhone yatsopano osalipira kalikonse lero, mtima uli phaa, akufuna alowe tsiku lomwelo. Ine ndakhala kuno kuyambira 2006, ma kontrakiti ndatengapo angapo, koma iyi ndi yoyamba yomwe ndinkalemba ndalama iliyonse yotuluka mu kabuku, ndiye zomwe ndikunenazi ndi zochokera mu kabuku komweko.

Kampani yake sindiitchula dzina, ndi imodzi mwa zikuluzikulu zomwe zili ndi ma shopu mu town iliyonse, ndipo kunena zoona zomwe anandichita ineyo ndi zomwe pafupifupi onse ankachita nthawi imeneyo. Foni yake ndi iPhone 15 ya 128GB yakuda.

Ndiyambe ndi tsiku logula. Ndinachoka ku night shift cha m'ma 8 mmawa, ndinakwera basi kupita mu town ku Leeds, maso akuyabwa ndi tulo koma foni yakale inali itafika poti batire ikangotsika pa 30 imazima yokha, ndiye sindikanadikira. iPhone 15 inali itangotuluka pa 22 Sepitembala, ndiye mu shopu munali anthu ngakhale unali mmawa wa Lachiwiri. Mnyamata yemwe anandithandiza anali waulemu ndithu, sindingamunamizire, anandikhazika pa kampando kataliko kaja, natembenuza tabuleti kuti tizionera limodzi. Choyamba anandionetsa Pro, akuti kusiyana kwake ndi mapaundi ochepa chabe pamwezi bambo, ndipo ndi zoona pamwezi zimaoneka zochepa, koma ku Apple komweko 15 wamba inali £799 pomwe Pro inali £999, kusiyana kwa £200 kumene kumabisala bwinobwino mukakugawa pa miyezi 24. Ndinakana. Ndinkafuna ya blue koma anati yatha, ikabwera pakatha masabata awiri kapena kuposa, yakuda ndi yomwe ilipo pompano. Ndinatenga yakuda.

Mtengo tinagwirizana £30 yolipira pomwepo, kenako £49 mwezi uliwonse, data yambiri yoti sindingaimalize, kuimba ndi ma text opanda malire mkati mwa UK. Anandifunsa adiresi ya zaka zitatu zapitazo, khadi ya ku banki, nachita credit check yomwe inatenga mphindi zosakwana zisanu. Kenako masamba a malamulo anayamba kudutsa pa tabuleti, iye akuseweretsa chala mwachangu, apa tikani, apa tikani, apa sainani ndi chala. Panali pena pomwe anaima pang'ono nkunena kuti mtengo umakwera pang'ono mu Epulo chaka chilichonse malinga ndi inflation, ine ndinangoti ok. Ananena ndithu, sanabise. Koma mawu oti pang'ono aja ndi omwe ndikufuna tikambirane bwino.

Foniyo payokha ndilibe nayo chifukwa. Zaka ziwiri ndikugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, batire ikadali yokwanira shift yonse ya maola 12, kamera imajambula bwino ngakhale usiku, ndipo chomwe ndinakondwera nacho kwambiri ndi chakuti 15 ndi yomwe inayamba kubwera ndi USB-C ndiye chaja cha mnzako wa Samsung chimalowa, ku ntchito sindivutikanso kusaka wa chaja cha iPhone. Inagwa kawiri pa matailosi a ku bafa ya resident wina ku care home komwe ndimagwira ntchito, kava yokha ndi yomwe inang'aluka. Foni ndi yabwino, basi, za foni ndathera pomwepa.

Nkhani ili pa ndalama. Mu Febuluwale 2024 inabwera email yoti kuyambira Epulo bilu ikwera ndi 7.9 peresenti. Mmene ankawerengera makampani ambiri nthawi imeneyo, ankatenga inflation ya Disembala yomwe amaitcha CPI nkuwonjezerapo 3.9 peresenti pamwamba, ndiye CPI inali 4, kuphatikiza 3.9, ndi imeneyo 7.9. £49 ija inasanduka £52.87. Epulo 2025 anakwezanso ndi 6.4 peresenti, ndipo amakweza pa mtengo wokwera kale uja osati pa £49 yoyamba ayi, ndiye inafika £56.25. Ndipo ine ndinali ndi mwayi ndithu, omwe anali mu kontrakiti mu Epulo 2023 anawakwezera 14.4 peresenti, ena mpaka 17.3 chifukwa inflation chaka chimenecho inali itapenga, nthawi yomweyo magetsi ndi gasi zitakwera, renti itakwera, mafuta ophikira atakwera.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mu £49 ija munali zinthu ziwiri, ndalama yobweza foni ndi ndalama ya netiweki, koma kontrakiti yanga inali yophatikiza zonse pamodzi ndiye peresenti ija inakwera pa zonse. Foni yomwe ndinatenga mu 2023, yomwe mtengo wake mu shopu ukutsika chaka ndi chaka, ineyo ndikuilipira mokwera chaka ndi chaka. Mungandiuze kuti ma tower akufuna kukonza, magetsi oyendetsera netiweki akwera, ndimva. Koma foni ili mthumba mwanga kale, yakwera pati?

Masamu ake nawa kuchokera mu kabuku. Miyezi 6 yoyamba pa £49 ndi £294. Miyezi 12 pa £52.87 ndi £634.44. Miyezi 6 yomaliza pa £56.25 ndi £337.50. Kuphatikiza £30 ya tsiku loyamba ija zonse zikukwana £1,295.94, tingoti £1,296. Tsiku lomwe ndinkasaina ndinawerengera mmutu 49 kuchulukitsa 24 kuphatikiza 30, ndinapeza £1,206, ndiye £90 yabwera yokha mnjira. Tsopano ndikanagula foni yomweyo £799 cash nkuika SIM ya £10 pamwezi yomwe mkazi wanga amagwiritsa ntchito, yomwe data yake imamukwanira bwinobwino, zikanakhala £799 kuphatikiza £240, £1,039. Kusiyana kwake £257. Ena anena kuti aaa £257 pa zaka ziwiri si ndalama, koma inu mukudziwa £257 ikatumizidwa kumudzi imagwira ntchito yanji, ndi matumba a feteleza amenewo, ndi fizi ya mwana imeneyo. Ndipo data yambiri ija yomwe ndinkalipira, nditayang'ana mu app ndinapeza kuti mwezi womwe ndinagwiritsa ntchito kwambiri sindinafike ndi 15GB yomwe, chifukwa kunyumba kuli wifi, ku ntchito kuli wifi, data imangogwira mu basi basi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, akuluakulu sananame.

Koma ndisakhale ngati ndikungonyoza, chifukwa pali chifukwa chomwe ndinatengera kontrakiti ndipo chifukwa chimenecho chikadalipo kwa anthu ambiri. Mwezi umenewo £799 ndinalibe. Tinali titangotumiza ndalama za maliro a malume kumudzi, galimoto inafuna MOT, kuyezetsa kwa pachaka kuja, ndi matayala, ndipo foni kwa ine si yonyadira, rota ya ku ntchito imabwera pa app, ma shift owonjezera amaikidwa pa WhatsApp ndipo woyamba kuyankha ndi amene watenga, banki ili pa foni, kutumiza ndalama kumudzi ndi pa foni. Ndiye kontrakiti inandipatsa foni yabwino tsiku lomwelo ndi £30 yokha. Chimenecho ndi chenicheni chomwe amagulitsa, ndi ngongole, ndipo £257 ija ndi chiwongoladzanja chake ngakhale salemba choncho. Munthu akalowa akudziwa kuti ndikutenga ngongole ndilibe naye vuto. Vuto ndi loti ambiri amalowa akuganiza kuti foni ndi yaulere bola uzilipira layini.

Zimenezi zoti foni yaulere zinazika mizu kalekale kuno, ndipo ndikukumbuka bwino nthawi yomwe iPhone inabwera koyamba chifukwa ndinali nditangotha chaka chimodzi kuno. Nthawi imeneyo anthu anazolowera kuti ukasaina kontrakiti Nokia kapena Sony Ericsson amakupatsa osalipira kanthu. Kenako pa 9 Novembala 2007 iPhone inayamba kugulitsidwa, nthawi yake 6:02 madzulo, anasankha dala 02 ija chifukwa kampani yokhayo yomwe inaloledwa kuigulitsa inali O2. Anthu anagona pamzere panja pa shopu ya Apple ku Regent Street ku London kukuzizira, tinkaonera pa TV. Mtengo wake £269 ya 8GB, pamwamba pake kontrakiti ya miyezi 18 ya £35, £45 kapena £55 pamwezi, ndipo ya £35 ija inali ndi mphindi 200 ndi ma text 200 basi, data yokha ndi yomwe inali yopanda malire. Werengerani, yotchipa kwambiri inali £899. Foni yake inalibe ndi 3G yomwe. Unkaipeza ku Apple, ku ma shopu a O2 ndi ku Carphone Warehouse, ndipo kulikonse komwe wagula inali yokhoma, SIM ya kampani ina siinkagwira.

Ndiye taganizani, munthu uli pa Orange kapena Vodafone, nambala yako anthu onse akuidziwa, netiweki kwanu imagwira bwino, koma ukufuna foni imeneyi, njira inali imodzi yokha, kusamuka. Ndipo anthu anasamukadi, ndi chifukwa chake makampani ankalimbirana kuti akhale okhawo ogulitsa. Sikunali kuno kokha. Ku America inayamba pa 29 Juni 2007 ndi AT&T yokha, $499 ya 4GB ndi $599 ya 8GB ndi kontrakiti ya zaka ziwiri, ndipo patangotha miyezi iwiri Apple inatsitsa ya 8GB kufika $399, omwe anagona pamzere aja anakwiya mpaka Steve Jobs anawapatsa $100 yogulira zinthu mu shopu ya Apple kuti mitima ikhale pansi. Kumeneko anthu a Verizon anadikira mpaka Febuluwale 2011. Ku Germany inali T-Mobile, ku France inali Orange, ndipo anzathu a ku Joni mukukumbuka kuti iPhone 3G itafika mu 2008 inali ya Vodacom.

Zinthu zokhoma anthu sakhala nazo chete. Mnyamata wina wa ku America, George Hotz, ali ndi zaka 17 anaitsegula iPhone mu Ogasiti 2007 kuti igwire SIM ina, ndipo kuchokera apo kunabadwa bizinesi yonse yotsegula mafoni, tima shopu ting'onoting'ono tolemba unlocking pa windo tinadzaza paliponse. Ku Germany Vodafone inapita ku khoti, ndipo kwa masabata ochepa T-Mobile inakakamizika kugulitsa yosakhoma, koma anaiika pa 999 euro, mtengo woti aliyense aone kuti foni ya kontrakiti si yotchipa, ndalama zake zimangobisala mu bilu. Ku France a boma oona za mpikisano pa malonda anaimitsa mgwirizano woti Orange yokha izigulitsa mu Disembala 2008. Kuno ku UK zoti O2 yokha izigulitsa zinatha kumapeto kwa 2009, Orange inayamba kugulitsa mu Novembala, Vodafone mu Januwale 2010. Tinkayembekezera kuti poti ogulitsa achuluka mitengo igwa kwambiri, koma inangofanana fanana, chifukwa foni anthu ankaifuna kwambiri moti panalibe chifukwa chotsitsira.

Ndafotokoza zakalezi chifukwa zokhoma mafoni zinatipweteka ife akunja kuposa eni dziko. Mzungu foni yake ikatha kontrakiti amaiponya mu drawer kapena kugulitsa, ife foni yakale ili ndi mwini wake kale kumudzi, mayi akudikira, mlongo akudikira, mphwako wakuuziratu chaka chatha kuti ankolo mukasintha imeneyo ndi yanga. Cha m'ma 2015 ndinatumiza foni kwa mayi anga ku Kasungu kudzera kwa mnzanga yemwe ankapita ku holide, ndinaipukuta bwinobwino, kava yatsopano, chaja, ndinaikamo ndi zithunzi za adzukulu awo kuti akangoyatsa aziona. Ndinaiwala chinthu chimodzi, inali yokhoma ku kampani yomwe ndinali nayo nthawi imeneyo. Mlongo wanga anaikamo SIM ya mayi, foni ikulemba kuti SIM siikuloledwa. Anayesa ina, chimodzimodzi. Mayi anandiimbira pa kafoni kawo kakale ka mabatani, akuti mwanawe foni yafika koma akuti ikukana, kaya ndalakwitsa pena pake ine, mwina ndadina posayenera. Mawu amenewo anandikhudza kwambiri, munthu wamkulu akudziimba mlandu pa chinthu chomwe chinakhomedwa dala ku Ulaya. Mlongo wanga anakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kwa anyamata okonza mafoni, anamudya ndalama, foni inatseguka masiku ochepa kenako inakhomanso. Mapeto ake ndinachita kuimbira kampani ija kuno, kudzaza fomu, kudikira masiku angapo, kenako kumuuza mlongo wanga pa foni pang'onopang'ono zoti achite. Mwezi wathunthu foni ili mu kabati.

Pa nkhani imeneyi ndiye kontrakiti yatsopanoyi ndiipatsa ulemu wake, ngakhale ulemu weniweni upite kwa Ofcom, omwe amayang'anira makampani a mafoni kuno ngati mmene ilili MACRA kwathu. Kuyambira pa 17 Disembala 2021 analetsa kugulitsa mafoni okhoma, ndiye iPhone 15 yanga inabwera yotsegula kuchokera mu bokosi. Chaka chatha nditapita kumudzi ndinangotsika pa KIA, kugula SIM ya TNM, kuika, netiweki pompo, bando ndagula, WhatsApp ikuyenda. Layini ya kuno ndinali nditaisamutsira pa eSIM, SIM ya mkati mwa foni yosachita kulowetsa khadi, ndisananyamuke, ndiye zonse ziwiri zinali mu foni imodzi, ma code a ku banki akubwera pa nambala ya UK, data ndikudya ya TNM. Chenjezo limodzi, zimitsani data roaming ya layini ya kuno musanakwere ndege, Malawi sali mu mayiko omwe ma kontrakiti ambiri amaphatikiza ndipo mtengo wake ndi woopsa. Chinanso kwa omwe mumagula mafoni pa intaneti kuti mutumize kumudzi, ma iPhone a ku America kuyambira pa 14 alibe polowetsa SIM khadi, ndi eSIM yokha, pomwe a kuno ngati yangayi polowetsa palipo. Funsani kaye musanalipire, musamuvutitse gogo ndi zinthu zoti akasake wa kompyuta.

Netiweki yake mu town ilibe vuto, 5G imagwira, ma video call ndi kumudzi amayenda bwino bola mbali ya uko ikhale bwino. Koma care home yomwe ndimagwira ili kunja kwa town kumapiri, nyumba yakale ya miyala yokhuthala, ndipo mkati netiweki ya kampani yangayi imagwa mpaka kandodo kamodzi, mu staff room ndiye zero. Anzanga a kampani ina amaimba bwinobwino atakhala pampando womwewo. Ndinaimba kudandaula, mtsikana yemwe anayankha anayesetsa ndithu, anandiyatsitsa wifi calling yomwe inathandizako, koma zotuluka mu kontrakiti anati pokhapokha ndilipire miyezi yonse yotsala, nthawi imeneyo inali 19. Apa ndi pomwe ndinaona kuti foni anasiya kukhoma koma munthu ndiye amakhomedwabe. Mapu a coverage pa website yawo ankaonetsa kuti dera lonselo lili bwino, ndipo panja pa geti lilidi bwino, koma ine sindigwira ntchito pa geti. Langizo langa ndi loti musanasaine gulani SIM ya mwezi umodzi ya netiweki imeneyo, kayeseni kuchipinda kwanu ndi ku ntchito kwanu. Ndipo mukagula pa intaneti kapena pa foni lamulo limakupatsani masiku 14 oti mutha kubweza, pomwe mu shopu zimatengera chifundo cha kampaniyo, ine ndinagula mu shopu.

Pa SIM zoyeserazi dziwani kuti ma netiweki enieni okhala ndi ma tower kuno ndi ochepa, EE, O2, ndi Vodafone ndi Three zomwe zinaphatikizana mu 2025. Ena onsewa amachita lendi. giffgaff, Tesco Mobile ndi Sky Mobile amayenda pa O2, Lebara ndi Voxi pa Vodafone, Smarty ndi iD Mobile pa Three, Lyca inasamukira pa EE. Ndiye nthawi zambiri SIM ya £8 kapena £10 ikugwiritsa ntchito tower yomweyo yomwe wa £30 akugwiritsa ntchito. Anthu ambiri obwera kumene sadziwa zimenezi, amaona ngati makampani ang'onoang'onowa ndi achinyengo kapena netiweki yake ndi yofooka.

Za credit check ndinenepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anzathu ambiri amagwa. Ukangofika kumene ulibe mbiri ya ngongole kuno, makampani osunga mbiri imeneyi monga Experian ndi Equifax sakukudziwa, ndiye ukapempha iPhone ya £1,000 amakukana, ndipo ukapita shopu yachiwiri, yachitatu tsiku lomwelo, kufunsa kulikonse kumalembedwa ndipo kumakuipitsira mbiri. Ndiye ena amapempha mnzawo wokhalitsa kuti anditengere mu dzina lako ndizikupatsa pamwezi. Abale, izi ndaona zikudanitsa anthu a mpingo umodzi. Munthu ntchito yatha, sponsor wa visa yake wataya laisensi, kapena wasamukira town ina wasiya kuyankha, direct debit ikudulabe kwa mwini dzina, akalephera ndi iyeyo amene mbiri yake imada zaka 6, kudzafuna mortgage akumukana chifukwa cha foni yomwe sanaigwirepo ndi mmanja momwe. Ine ndimakana, ngakhale m'bale, ndimati bola ndikuthandize £100 ugule ya second hand. Mbali yabwino ndi yoti ukamalipira bwino kontrakiti imakumangira mbiri, koma SIM only ya miyezi 12 nayo imamanga chimodzimodzi ndi ndalama yochepa.

Kumapeto kwa kontrakiti anachita bwino pa chinthu chimodzi, ananditumizira text ndi email kuti kontrakiti yanu ikutha tsiku lakuti, mukapanda kuchita kanthu muzilipirabe £56.25, ndipo nazi SIM only zomwe tili nazo. Izinso ndi lamulo la Ofcom la mu Febuluwale 2020, kale kunalibe, anthu ankapitiriza kulipira mtengo wa foni yomwe anamaliza kale kubweza, ena chaka chathunthu osadziwa, ineyo zinandichitikirapo miyezi 7 nthawi ina. Koma onani bwino, ngakhale pano ukapanda kuchitapo kanthu bilu yophatikiza ngati yangayi siitsika kufika pa mtengo wa SIM yokha, amangokudziwitsa basi, kusuntha ndi kwako. Ndipo mafoni oti upgrade anayamba kubwera kontrakiti isanathe, bambo ndinu kasitomala wathu wofunika, iPhone 17 yatuluka, titha kukupatsani lero lomwe. Anaimba kanayi, kawiri ndili mtulo nditachoka ku night.

Kuchoka kunali kophweka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinalemba text ya mawu oti PAC kutumiza ku 65075, code yosamutsira nambala inabwera nthawi yomweyo, ndinaipereka ku kampani yatsopano, tsiku lotsatira logwira ntchito nambala yanga yomwe ndakhala nayo zaka zambiri inali itasamuka. Palibe kuimba, palibe kunyengererana ndi munthu. Mukafuna kungodziwa kuti mwatsala ndi ngongole yanji mutachoka lero, tumizani INFO ku 85075.

Kwa omwe mukusaina pano zinthu zasinthako. Kuyambira pa 17 Januwale 2025 Ofcom inaletsa zija za CPI kuphatikiza 3.9 pa ma kontrakiti atsopano, tsopano akuyenera kukuuzani mu mapaundi ndi mapeni tsiku losaina kuti Epulo idzakwera ndi ndalama zakuti. Kukwera kukadalipo, sanaletse, koma bola ukudziwiratu ndipo ungawerengere zonse usanaike chala pa tabuleti. Makampani ambiri anayambanso kugawa pawiri, ngongole ya foni payokha, layini payokha, O2 inayamba zimenezi kale mu 2013, ndipo ubwino wake ndi woti ukamaliza kubweza foni mbali imeneyo imasiya yokha. Koma apanso samalani, ngongole ya foni ena akuitambasula mpaka miyezi 36 kapena kuposa kuti pa chikwangwani paoneke ndalama yochepa, zaka zitatu ndi zambiri kwa munthu yemwe visa yake mwina ndi ya zaka zitatu zomwezo.

Ndikati ndipereke ma marks, foni 9 pa 10, shopu ndi mnyamata uja 7, netiweki 6 chifukwa cha ku ntchito kuja, mtengo 4. Kontrakiti yophatikiza ngati imeneyi sindidzatenganso. Ndi yoyenera munthu yemwe foni yafa lero, cash alibe, ntchito yake ndi yokhazikika ndipo wawerengera ndalama zonse za miyezi 24 osati za mwezi umodzi. Wina aliyense ndingamuuze kuti dikirani miyezi itatu kapena inayi musunge, kapena gulani refurbished ya chaka chathachi, ikani SIM yotchipa. Pano ndili pa SIM only ya £10 ya mwezi ndi mwezi pa netiweki yomwe imagwira mu staff room, iPhone 15 yomweyi ndikhala nayo mpaka Apple idzasiye kuitumizira ma update, ndipo £46 yomwe yatsala pamwezi ndaiika pa standing order yopita ku akaunti ina. Mphwanga wa ku Kasungu wayamba kale kufunsa kuti ankolo 15 ija muisintha liti, ndamuuza kuti adikire kaye.